Tsiku Limene Anandilira Ndili Moyo

Zikomo abale pondipatsa mpata. Ndaona ena mwakhala kumbuyo uko, manja mwabisa m'matumba. Musabise. Kuda kwa malasha m'zikhadabo ndimakudziwa ine, sikuchoka ndi sopo wa tsiku limodzi. Dzina langa ndine Fakisoni Zulu, wa kumidzi ya ku Chinyunyu, kuseri kwa kasupe wa madzi otentha uja. A komiti yanu andiitana kuti ndikambe za nkhalango ya mudzi, popeza inunso kuno ku Rufunsa mwayamba kusunga yanu. Koma za malamulo ine sinditha kuzikamba bwino, ena adzakuwerengerani. Ine ndikuuzani mmene ndinatsala pang'ono kuthamangitsidwa pa munda wa atate anga, ndiponso za mzimayi amene anandilira maliro ndili moyo.

Atate anachokera ku Chipata, Mngoni weniweni, kudzafuna polima. Asoli, eni dziko, anawalandira ndi kuwadulira munda m'mbali mwa kamtsinje. Inu mukudziwa, munda wopatsidwa ndi wako malinga ngati ukhala bwino ndi anthu. Ine ndinabadwira pomwepo. Atate ndi amai agona m'manda a mudzi womwewo. Ku Chipata kumene anthu amati ndi kwathu, sindidziwako ngakhale njira ya kuchitsime.

Malasha ndinayamba kuocha ndisanamere ndevu. Mitengo ndinkaidziwa ngati abale anga: uwu muwanga, malasha ake olemera, uwu mombo, uwu msuku, usaukhudze, azimai angakutembelere. Koma tinali ambiri, ndipo phiri lathu linayamba kumeta mpala tikuona. Azimai ankachoka m'mamawa kukafuna bowa n'kubwera dzuwa lili pamutu ndi kambale kamodzi. Ndiye mudzi unakhala pansi n'kugwirizana kuti phiri lija lisiyidwe lipume. Mtengo wauwisi osadula. Moto wa m'chilimwe osayatsa. Waya wa nyama osatchera. Bowa, masuku, nkhuni zouma ndi mankhwala, tengani. Azimai ndi madoda ena anapachikamo ming'oma ya njuchi. Posankha olondera, anthu analoza ine. Anati wodziwa pobisala mbala ndi amene anabapo. Tinaseka tonse, ndipo anandipatsa jombo. Abale, jombo zimenezo ndinkapita nazo ngakhale kutchalitchi.

Wapampando wa komiti anali Bana Chanda, ndiye kuti amake Chanda, Mbemba wa ku Kasama amene anakwatiwa kwathu, wamasiye, wogulitsa tomato pamsewu. Mngoni ndi Mbemba mukudziwa kale, ndi chimbuya: timatukwanana popanda wokwiya, ndipo pamaliro a mmodzi, winayo ndiye amagwira ntchito. Ndikamadutsa pa tomato wake ankakuwa msewu wonse kumva.

“Iwe ka Mungoni, kapolo wanga, wadya mbeba zingati lelo?”

“Zochepa, mayo,” ndinkayankha. “Nanga imwe anyani mwasiya kuwadya? Ndamva akulira kuphiri, ati Abemba afika.”

Chaka choyamba ndinayenda bwino. Chachiwiri ndinayamba kukhalitsa pamsewu. Anthu a malole ogula malasha ankandigulira kachasu, n'kumati, “Ba Zulu, imwe ndimwe muli na kiyi ya phiri, muvutika chani?” Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ndinayamba ndi nzeru imene ena muno mukuidziwa, ndikuona mwayang'ana pansi: kusenda khungwa kuzungulira tsinde, kudikira mtengo uume, kenaka n'kunena kuti unauma wokha. Kuchokera apo ndinaleka n'kudikira komwe. Ndinakumba uvuni wa malasha m'khwawa la kuseri kwa phiri, chigawo chimene ndinkalondera ndekha. Ndinatcheranso waya wa agwape. Pamsonkhano akandifunsa, ndinkaimirira ndi jombo zanga n'kunena kuti, “Kuseri zonse zili bwino.” Anthu ankaomba m'manja.

Mowa sukhuta. Unadya mbuzi za mkazi wanga, unadya njinga, potsiriza unadya jombo zomwe. Amake Dalitso, mkazi wanga, analankhula mpaka mawu anawathera, ndipo anatenga ana kupita kwa makolo awo ku Mpanshya. Sanakuwe, sananditukwane. Anangosesa m'nyumba, n'kutseka chitseko bwinobwino. Tsiku lina ndinadzuka dzuwa lili pamutu ndili m'ngalande ya pamsewu, nditadzinyowetsa ngati khanda, wina atandifunditsa chitenje kuti ana a sukulu asaone. Chitenjecho ndinachidziwa, chinali cha Bana Chanda. Sindinakabweze, ndinachita manyazi. Koma manyazi ake sanandiletse kumwa madzulo a tsiku lomwelo.

Tsono inu oocha malasha mukudziwa kuti uvuni ndi ngati wodwala, sausiya yekha. Ukang'aluka umafuna munthu pafupi woti athirepo dothi msanga. Unali mwezi wa Okutobala, udzu uli gwaa, mphepo ikuwomba. Ine ndinayatsa uvuni waukulu m'mawa, n'kutsikira kumsewu kuti ndikangonyowetsa kukhosi. Masana ndinamva anthu akukuwa. Nditadzutsa mutu ndinaona utsi wakuda utaphimba phiri lonse. Mudzi wonse unathamangira kumeneko ndi nthambi zauwisi, azimai, madoda, aphunzitsi omwe. Ine wolondera ndinayesa kuimirira, miyendo inakana.

Moto unadya theka la nkhalango. Timitengo timene tinaphuka zaka ziwiri tinapsa tonse. Ming'oma ya azimai inapsa. Inapsanso ming'oma ya ba Shamilimo, nkhalamba ya Chisoli yofatsa, imene atate ake ndiwo anadulira atate anga munda uja. Ba Shamilimo anapsa mkono poyesa kutsitsa mng'oma umodzi. Mawa lake anthu anatsata kumene moto unayambira. Anapeza uvuni, anapeza zitsa, anapeza waya, anapezanso nkhwangwa yanga imene mpini wake mwana aliyense ankaudziwa.

Msonkhano anauika Loweruka. Koma chigamulo chinali chitamveka kale pachitsime ndi pachigayo: munda ubwerere kwa eni ake, Fakisoni abwerere kwawo. Kwawo kuti? Ndinadzitsekera m'nyumba masiku atatu. Sindinapemphere, musandiyese munthu wabwino. Ndinkangoganiza za manda a atate ndi amai, kuti adzalambula ndani ine nditachoka.

Lachisanu m'mawa, dzuwa litangokwera pang'ono, ndinamva kulira kwa maliro kuchokera cha kumsewu. Ndinati basi, ba Shamilimo afa ndi bala lija, ndapha munthu. Kulira kuja kunkayandikira. Kunadutsa pa tchalitchi, kunadutsa pa mjigo, kunakhota pa njira ya kwathu. Ndinasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Patsogolo panali Bana Chanda, duku kumutu, chitenje chomanga m'chiuno, manja ali kumutu. Pambuyo pawo Abemba anzawo owerengeka amene tili nawo m'mudzi, ndi azimai a pamsewu.

Sanagogode. Anakankha chitseko n'kuyamba kutulutsa katundu panja monga timachitira panyumba ya maliro kuti azimai apeze pokhala. Ntchito yake sinatenge nthawi, m'nyumbamo munatsala mpando umodzi ndi mphasa. Amuna awiri anakoka chipika n'kusonkha moto wa maliro pabwalo. Wina anathamangitsa nkhuku yanga yotsiriza n'kuidula khosi. Ine ndili chilili pakhomo, kukamwa kuli yasa.

Kwathu kulira kukamveka palibe amene amatsala kumunda. Posakhalitsa bwalo linadzaza. Anthu omwe aja ankafuna kundithamangitsa anabwera akuthamanga, makasu ali m'manja, akufunsa kuti wamwalira ndani.

“Mungoni wanga wafa!” analira Bana Chanda. “Kapolo wanga wafa, mayo ine! Azanitemera nkhuni ndani?”

“Nanga uyu waima apayu?” anafunsa munthu wina.

“Ichi ni chitumbi chabe. Khala pansi iwe, wakufa saimirira.”

Anandigwira paphewa n'kundikhazika pamphasa. Anatapa ufa m'kathumba n'kundithira kumutu, kumaso, mpaka ndinayera ngati mzukwa. Ena anayamba kuseka, ena anagwira pakamwa. Kunena zoona, munthu wina aliyense akanachita zimenezi tikanati ndi mfiti, akulosera imfa. Koma mbuya, mnzako wa chimbuya, saimbidwa mlandu. Sungamukwiyire, sungamuthamangitse pakhomo pako, ndipo akamalankhula umamva mpaka amalize. Bana Chanda ankadziwa kuti ndi njira yokhayo imene inatsala yondikhazika pansi ine pamodzi ndi mudzi wonse.

Kenaka anakweza dzanja, kulira kunaleka. Anati tsopano timve mbiri ya malemu.

“Malemu uyu,” anatero, “anabadwira pano pamene takhala. Anali wakudya mbeba monga Angoni onse, icho sitingamuikire kumbuyo. Koma anali munthu. Chaka chija bashi Chanda, amuna anga, anadwala pakati pa mainza, nthawi ya mvula, kamtsinje katadzala, ndani anabwera? Imwe mwakhala apa munali kuti? Malemu uyu anawamangirira pa njinga, anawaolotsa madzi yafika m'chifuwa, anakankha mpaka ku msewu, anapita nawo ku chipatala ku Mpanshya. Pamene anamwalira, malemu uyu ndiye anakumba manda. Anali kukumba uku atukwana amuna anga ati Mubemba waulesi, wagona kuti Mungoni amugwirire nchito. Ine ninaseka pa maliro ya amuna anga, bane. Ninaseka misozi ili kumaso.”

Nkhuku ija inali itaiwalika pamoto.

“Malemu anali kudziwa mtengo uliwonse na dzina lake. Anali kudziwa kumene bowa uyambira kumera, anali kutiuza ise azimai mahala, kopanda ndalama. Anali kukonda bana bake. Tsiku anafa sitidziwa, mwandi. Tinangoona jombo ziyenda zeka, zibwera ku miting'i, zikamba ati kuseri zonse zili bwino. Matenda yanamupaya ni yawiri, kachasu na boza. Ife Abemba tamulira, chifukwa tinali kumukonda.”

Abale, ndatukwanidwapo m'moyo mwanga, ndamenyedwapo ku mowa, koma palibe chinandilasa ngati mawu akuti anali. Anali munthu. Anali kukonda ana ake. Ndinakhala pamphasa paja ndikumva za munthu amene ndinkamudziwa bwino, munthu amene ndinamusowa, ndipo ndinazindikira kuti amene ndinamupha ndine. Ndinalira mokuwa ngati mwana, misozi ikupanga phala ndi ufa uja kumaso. Sindinasamale kuti akundiona ndani.

Bambo wina amene mkazi wake anataya ming'oma anaimirira. Sindimuimba mlandu, anali ndi chifukwa.

“Bana Chanda, masewera awa tawaona,” anatero. “Koma uchi wathu wapsa. Mawa munthu uyu achoke.”

“Mwakamba zoona, uchi wapsa,” anayankha. “Na ming'oma yanga inapsa pamodzi. Koma chitumbi cha Mungoni mwine wake ni Mubemba. Palibe azachinyamula pano ine nisanavomere. Nipaseni nthawi nione ngati chizauka. Chikakana kuuka, nizachiperekeza neka ku basi, na nyimbo.”

Apo anthu anatembenukira kwa ba Shamilimo, amene anafika mochedwa n'kukhala pa chitsa kumapeto kwa bwalo, mkono uli wokulunga nsalu. Munda unali wa banja lawo, mawu otsiriza anali awo.

“Mwambo uwu si wathu ife Asoli,” anatero pang'onopang'ono, “koma taumva. Alime chaka chino. Masuku akadzapsa chaka chamawa, ndidzanena.”

Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Ananyamuka n'kumapita.

Manje mverani, inu a kumbuyo, chifukwa kulira pakokha sikumeretsa mtengo. Chinthu choyamba chimene Bana Chanda anandichititsa tsiku lomwelo, ufa ukadali kumutu, ndi kutsogolera komiti kuphiri. Ndinawaonetsa uvuni uliwonse, ngakhale umene sakanaupeza. Ndinawaonetsa mitengo imene ndinasenda. Ndinazula waya wanga yense ndi manja anga, ndipo pa wina tinapeza gwape atauma kale, nyama imene sindinabwere n'komwe kudzaitenga. Kuulula theka n'chimodzimodzi kusaulula. Chimene wabisa n'chimene chimadzakuitana.

Ulonda anandichotsa, ndipo anachita bwino. Kuyambira pamenepo kwathu palibe wolondera amene amayenda yekha, ndipo zigawo amasinthana mwezi ndi mwezi. Ichi mulembe, a komiti. Musaike munthu yekha pamalo pamene palibe maso ena, ngakhale akhale mkulu wa mpingo.

Za mowa, sindinauleke ndi mphamvu zanga. Ndinaleka njira yake. Pamsewu ndinkapita m'mawa basi, kukasenzera Bana Chanda mabokosi a tomato, n'kubwerera anthu a malole asanafike. Masabata oyamba manja ankanjenjemera moti kapu ya madzi ndinkaigwira ndi manja awiri. Ndinagwa kamodzi, pa Khirisimasi, sindikubisirani. M'mawa mwake ndinapita ndekha kukawauza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Chitumbi chayamba kuyenda cheka kubwera kudziulula,” anatero. “Nyamula bokosi iyo, kapolo. Mailo m'mawa ubwerenso.”

Mvula itagwa ndinayamba ntchito ya zitsa. Ambiri amaganiza kuti nkhalango imabwerera ndi mbande zogula. Iyayi, mitengo yathu ino mizu yake siifa msanga. Chitsa chimaphuka nthambi zambirimbiri, iwe umasankha ziwiri zamphamvu, zinazo n'kudulira, kenaka n'kuteteza ku moto ndi mbuzi. Ndinkayenda chitsa ndi chitsa, zambiri zodula ine ndemwe, ndi chikwanje chobwereka. Udzu utayamba kuuma, tinalambula njira yotchinga moto kuzungulira phiri, n'kutentha m'mbali mwake udzu ukadali ndi chinyezi, moto wofatsa umene supha mitengo. Ine ndinkayamba kufika ndi kutsiriza kuchoka. Kalipentala wa kutchalitchi anandiphunzitsa kukhoma ming'oma ya mapulanga, yosafuna kusenda mtengo. Ndinakhomera azimai aja mmodzimmodzi. Ya ba Shamilimo ndinakaisiya pakhomo pawo. Akazi awo analandira, iwo sanatuluke.

Amake Dalitso anabwera titakolola, ati kudzangoona. Anabwera ndi kachikwama kakang'ono. Anayang'ana nkhokwe, anayang'ana m'maso mwanga, anandinunkhiza ngati akugula nsomba. Anandifunsa chinthu chimodzi: “Tikabwera ndi ana, tidzakhala pano kapena tidzanyamukanso?” Ndinawauza kuti yankho linali kwa ba Shamilimo. Anati akadikira ku Mpanshya mpaka zidziwike, ana asamasamuke kawiri. Mkazi ameneyu ndimamukonda, abale, ndipo ananena zoona.

Chaka chonsecho nkhalamba ija sinandilankhule. Tikakumana panjira ndinkagwada n'kuomba m'manja, iwo ankangogwedeza mutu n'kudutsa, mkono wa chipsera uli kumbuyo. Masuku anayamba kupsa ku mbali ya phiri imene moto sunafike. Ana ankabwera nawo m'mabeseni. Sabata inatha, yachiwiri inatha, msonkhano osaitanidwa. Anzanga anali atayamba kale kukonza minda, ine ndinkagwira khasu n'kulisiya. Ulimirenji munda umene mawa ukhala wa wina? Ndinapita kwa Bana Chanda kuti akandifunsire.

“Awe,” anakana. “Ine nchito yanga inali kulira. Ukafuna kumva, yembekeza monga mwamuna.”

Tsiku lina m'mawa ndili kumunda, ndangokhala pa mzere, ndinaona ba Shamilimo akubwera pang'onopang'ono m'mbali mwa kamtsinje, okha, atanyamula kanthu m'manja. Ndinaimirira, kenaka ndinagwada. Anafika n'kuima. Anayang'ana munda kuchokera kumtunda mpaka kumadzi, ngati munthu amene akuyeza malire. Ndinati basi, abwera kudzatenga chawo.

“Njuchi zalowa mu ming'oma ija,” anatero. “Umodzi unaukhoma mokhota.”

“Ndidzaukonza, atate.”

“Usiye. Zaukonda choncho.”

Anatambasula mkono wopsa uja n'kundipatsa chimene ananyamula. Kanali kambande ka mbawa m'chitini chobooka, masamba ake anayi okha.

“Ukabzale apo, pamalire a kumadzi,” anatero. “Mtengo uwu suthamanga, Fakisoni. Ine sindidzakhala pamthunzi wake. Iwe uudikire.”

Anatembenuka n'kumapita, osadikira zikomo wanga. Ndinatsala chogwada, chitini chili m'manja, mpaka anazimiririka kuseri kwa bango. Dzenje ndinakumba nthawi yomweyo, ndinathirira, ndinatchinga ndi minga. Kenaka ndinasamba m'manja pakamtsinje, ndinathamangira kumsewu, n'kukwera minibasi yoyamba ya ku Mpanshya kukatenga ana anga.